Ndani angalembe buku la dambo?

Tili Fomu 3, aphunzitsi athu a Chingerezi adaima njii choko chili m'manja chifukwa cha liwu limodzi. Tinkawerenga kachigawo ka buku lina lakale la ku England, ndiye mnyamata wina wa pabenchi la kumbuyo adafunsa kuti "moor" n'chiyani. Aphunzitsiwo adayesa uku ndi uku. Adati ndi malo otambasuka, opanda mitengo, ozizira, udzu ndi titchire tokhatokha, pena zithaphwi, nkhungu osatha. Mnyamata uja adakanda m'mutu.

"Sala, ndiye kuti ndi dambo?"

Iwo adaganiza pang'ono. "Eya, dambo. Koma dambo lokwera phiri."

Kalasi lonse lidafa nako kuseka. Wina adakuwa kuti, "Ndiye azungu amalemba mabuku a dambo?" Nane ndidaseka mpaka misozi. Kwa ife dambo kunali kodyetsa ng'ombe, kokumba mbewa, komweta udzu, kolumidwa ndi misundu. Munthu wanzeru zake angataye inki pa zimenezo?

Pambuyo pake ndidadzamva kuti amalembadi. Emily Brontë adakulira ku Haworth, m'dera la Yorkshire, nyumba yawo ili m'mphepete mwenimweni mwa malo oterewa, ndipo buku lake lotchuka la 1847, Wuthering Heights, mphepo ya kumeneko ikuwomba tsamba lililonse. Arthur Conan Doyle naye adatola nthano za agalu akuda a mizimu zomwe anthu a ku Devon ankasimba, n'kuika chigalu chake pa Dartmoor, malo enanso oterewa a ku Devon komweko, m'buku lomwe lidatuluka mu 1902. Mpaka lero anthu amalipira ndalama kukaponda matope a kumeneko. Ine kuseka kwa tsiku lija kwandikhala pakhosi zaka zonsezi, chifukwa ndinkaseka malo omwe adandiphunzitsa nthano iliyonse yomwe ndimaidziwa.

Kwathu ndi ku Santhe, kumwera chakumadzulo kwa boma la Kasungu. Dziko lake ndi lathyathyathya, moti mlendo amati palibe choona. Koma mukatuluka m'mudzi, kudutsa minda ya fodya, kulowa m'katchire ka mitondo ndi masuku, mwadzidzidzi mitengo imatha ngati wina wachita kuidula ndi chingwe. Kutsogolo kwanu kuli udzu wokhawokha mpaka tsidya, ndipo tsidyalo mitengo yake imaoneka ngati kamzere ka makala. Limenelo ndiye dambo lathu. Mitengo imalikana chifukwa dzinja lonse madzi amakhala m'khosi mwa nthaka, pansi pali makande osalola madzi kulowa, ndiye mizu imabanika. Mtengo wofuna kukhala m'dambo umakwera pachulu. N'chifukwa chake mumaona tizilumba ta mitengo apa ndi apo, katope mmodzi, mkuyu mmodzi, aliyense pachulu chake ngati mafumu osayankhulana. M'mwezi wa June ndi July mpweya wozizira umatsetserekera kumeneko usiku n'kukagona, ndipo m'mawa nkhungu imadzaza dambo lonse pamene kumudzi kuli mbee. Akatswiri a za nthaka a kunja atafika kuno adasowa liwu lawo la malo otere, adangotenga lathu lomweli, ndipo m'mabuku awo a sayansi amalemba kuti dambo. Aphunzitsi athu aja akadadziwa zimenezi, bwenzi atatitseka pakamwa.

Agogo anga aakazi dambo limeneli ankalidziwa ngati chikhatho chawo, koma mapu awo anali nthano. Sankanena kuti "pakati pa dambo pali thope lomiza". Ankati "paja padamira mkamwini". Usiku, tikatha kudya, mbatata zili paphulusa, ankayamba ndi mawu okoka aja:

"Padangokhala..."

"Tili tonse!"

Chaka china kudagwa njala, ankatero. Mkamwini wina, popita kukamweta udzu wofolera nyumba ya apongozi ake, adapeza dziwe lodzaza ndi milamba yonona. Adagwira iwiri, n'kusonkha moto kuseri kwa chulu, n'kuotcha, n'kudya yekha. Pochoka adapukuta pakamwa ndi phulusa kuti milomo iwoneke yotuwa. Kunyumba mkazi atamupatsa phala la gaga, iye adati, "Apatseni ana, ine ndipirira." Mudzi wonse udamutama kuti koma mkamwini ndi ameneyu. Mawa lake adapitanso. Akuviika dzanja m'madzi, dziwe lidamufunsa kuti, "Dzulo udadya ndi yani?" Iye adati, "Ndi ana." Dziwe lidamupatsa. Mkucha chimodzimodzi. Tsiku lachinayi atayankha kuti "ndi ana", dziwe lidati, "Aitane andithokoze." Pomwepo thope lidamugwira m'akakolo.

Apa agogo ankayamba nyimbo, ife n'kumavomera. Ndime iliyonse thope linkakwera, m'mawondo, m'chiuno, m'chifuwa, mkamwini akuitana ana ake mmodzimmodzi, ana akuyankha kuchokera kumudzi kuti alibe mphamvu zoyendera, njala yawafoola. Ndime yomaliza ankaimba motsitsa, pakamwa atatseka ndi chikhatho, kuti timve ngati mawu akuchokera pansi pa matope. Mlongo wanga wamng'ono nthawi zonse ankalira pamenepo, koma mawa lake ndi iye yemwe ankapempha nthano yomweyo.

Nthano imeneyi inkagwira ntchito ziwiri, ndipo yachiwiriyo ndidaizindikira ndili kale ndi ndevu. Yoyamba inali pa ife: palibe mwana wa m'mudzi mwathu adayandikirapo pathope paja, ngakhale ng'ombe italowera komweko. Yachiwiri inali pa akamwini a agogowo. Ankakonda kuimba nthanoyi mokweza masiku omwe mmodzi wa iwo wabwera kuchokera kogulitsa fodya m'manja muli lende koma mpweya ukununkha kanyenya. Mwamwambo sakadatha kumudzudzula pamaso, pakuti mpongozi ndi mkamwini amapewana. Ndiye dziwe ndi lomwe linkawafunsira kuti, wadya ndi yani?

Malo ena analinso ndi zawo. Pamkuyu wa pachulu padali chisa cha nantchengwa, chachikulu ngati nkhokwe yaing'ono, ndipo tonse tinkadziwa kuti wochiphwasula amapenga. Kumunsi, komwe bango lidathithikana, ankati kuli nsato yosayenera kuphedwa, chifukwa mvula ingakwiye. Ndipo chakumadzulo, komwe dambo limagundana ndi msitu wa kumanda, ife osavinidwa sitinkayang'anako n'komwe. Ndili wamng'ono ndinkasokoneza dambo ndi dambwe, moti ndinkakhulupirira kuti zilombo za gule zimatuluka m'matope momwemo ngati achule mvula yoyamba ikagwa. Nditafunsa, akuluakulu adangoseka osandikonza.

Ndili ndi zaka 12 ndidaliwoloka usiku koyamba. Kudagwa maliro m'mudzi cha m'ma 10 koloko, mwezi wa July, ndipo padafunika kukanena kwa abale a tsidya kusanache. Adatuma amalume anga, iwo n'kunditenga kuti ndiwanyamulire nkhwangwa. Nyali tidalibe, mwezi udali utalowa. Titangotuluka m'mitengo kuzizira kudatimenya ngati talowa m'madzi. Udzu unali wonyowa ndi mame, wautali kundiposa, ukundikwapula kumaso. Njira ndinkaimva ndi mapazi okha, pouma ndiye njira, pofewa ndiye ndasochera. Amalume ankayenda patsogolo osayankhula, ine ndikutsata phokoso la nkhwayira zawo.

Tili pakati, ndidaona moto. Unali kudzanja lamanzere, chapatali, wochepa ngati wa muuni, koma wotuwirako. Unkayenda. Ukayenda pang'ono n'kuima, kuzima, n'kuyakanso patsogolo. Ndidatukula dzanja kuti ndiwaonetse, koma amalume, omwe ndinkaganiza kuti sakuona, adandigwira mkono mwamphamvu.

"Usaloze, mphwanga."

"Amalume, n'chiyani chimenecho?"

"Yang'ana kutsogolo. Usatchule dzina langa, nane sinditchula lako."

Kenaka adachita chinthu chomwe sindidzaiwala. Adaima, n'kuvula chipewa, n'kuwomba m'manja katatu mofatsa, monga amachitira munthu pofika pakhomo pa mfumu. "Zikomo eni malo," adatero ndi mawu wamba, osanjenjemera. "Ife ndi amithenga a maliro, tikungodutsa." Adavala chipewa, tidapitirira. Sindidacheukenso. Titafika tsidya, miyendo yanga inali itauma ndi chisanu, ndipo mayi wina atandipatsa madzi otentha ndidalephera kugwira kapu.

Za moto uja ndamva mafotokozedwe ambiri. Aphunzitsi a sayansi adati ndi mpweya wotuluka m'zomera zowola pansi pa madzi. Mnzanga wina adati anali anyamata osaka mbewa ndi muuni. Azakhali adati afiti, basi, osawonjezera. Amalume okha sadanenepo kanthu mpaka kumwalira kwawo. Chomwe chidandikhala mumtima si motowo kwenikweni. Ndi ulemu uja. Munthu wamkulu, wa mpingo wake, kuvula chipewa pakati pa udzu usiku, chifukwa kwa iye malo amenewo anali ndi eni ake.

Moto ndi dambo n'zapachibale kuyambira kale. Chaka chilichonse cha m'ma September ndi October dambo linkapsa. Usiku tinkakhala pabwalo kuonerera mzere wofiira ukuyenda, tsekera akuphulika ngati mfuti. M'mawa kunkakhala lupsa lakuda bii, akabawi akuzungulira m'mwamba, ife ndi makasu athu tikulondola mauna a mbewa. Pakangotha milungu iwiri msipu unkatuluka wobiriwira, mvula isanagwe n'komwe. Amene adaona zimenezi savutika kumva nthano yathu ya chilengedwe. Makolo ankati anthu oyamba adatsika ndi mvula pa Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, n'kusiya mapazi awo pathanthwe likadali lofewa. Ankakhala mwamtendere ndi nyama ndi Chauta yemwe, mpaka tsiku lomwe munthu adapeka moto ndi timitengo tiwiri. Tchire lidayaka, nyama zidathawa zili ndi mkwiyo, galu ndi mbuzi n'kuthawira kwa munthu. Bilimankhwe adakwera mumtengo, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Nthano imeneyi sangaipeke munthu yemwe sadaonepo tchire likupsa. Ine ndikaimva ndimamva fungo la lupsa, ndimaona agwape akudumpha malawi m'dambo la kwathu.

Dambo lokwera phiri lija ndidadzaliona ndi maso ndili wamkulu, ntchito itanditengera ku Rumphi. Tidalowera pachipata cha Thazima, galimoto ikukwera ndi fumbi, mpaka mitengo idatha monga imathera kwathu. Nyika. Zitunda za udzu zogundanagundana mpaka kumalekezero a maso, mbidzi ndi ntchefu zikudya poyera, mphepo yoluma makutu, nsonga ya Nganda ili pamtunda wopitirira mamita 2,600. Ndidakumbuka mnyamata wa pabenchi la kumbuyo uja. Ndipo titaima pa nyanja yaing'ono ya Kaulime, wotiperekeza adatsitsa mawu potiuza kuti akale ankati m'madzimo mumakhala chinjoka, ndipo ankabwera kudzapereka nsembe. Katsitsidwe ka mawuko kanali ka amalume kenikeni, chinenero chokha ndiye chidasiyana.

Nyika ili nalo buku lake lotchuka kunja. Laurens van der Post, wa ku South Africa, adayenda pa Mulanje ndi pa Nyika mu 1949 atatumidwa kuchokera ku London, ndipo buku la ulendowo lidatuluka mu 1952. Ndidaliwerenga, ndipo kulemba amatha, zimenezo sindingamumane. Koma amalemba ngati munthu wolowa dziko losadziwika, ndipo apa m'pomwe ndimasiyana nawo alendo okonda chipululu. Losadziwika kwa yani? Aphoka adakhala m'mbali mwa Nyika kuyambira kale, ndipo ng'anjo zosungunulira chitsulo zikadalipo kumeneko. Paki ya Nyika idakhazikitsidwa mu 1965, ndipo poikuza mu 1978 midzi idasamutsidwa. Kwathu konkuno nkhani ndi yomweyo. Nkhalango ya Kasungu, yomwe idakhala paki mu 1970 ndipo ndi yoposa masikweya kilomita 2,300, kale munali midzi, anthu adachotsedwamo nthawi ya atsamunda chifukwa cha matenda a kaodzera. Mukalowamo mupeza ng'anjo zitaima m'tchire, mupeza zojambula pamiyala. Ngakhale pa Dartmoor paja pali mabwinja a nyumba zamiyala za anthu akalekale ndi migodi yakale. Malo omwe timawatcha chipululu kawirikawiri ndi bwinja lomwe udzu waphimba. Nthano sizimera pomwe sipadapondepo munthu. Zimamera pomwe wina adadutsa usiku ali ndi mantha, pomwe ng'ombe ya wina idamira, pomwe wina adadya yekha.

Olemba athu sadagone onse ayi. Steve Chimombo adatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, n'kumusandutsa mutu wa ndakatulo zake, zomwe zidatuluka m'buku mu 1987. Anthu a ku Zomba ankakumbukirabe zomwe zidachitika mu 1946, ndipo a ku Phalombe adadzaziona mu 1991. M'masiku omwe munthu sukadatha kutchula chomwe chikumeza anthu, Napolo adamuyankhulira Chimombo monga dziwe lija linkayankhulira agogo. Koma taonani, umenewo ndi mwayi wa mapiri. Phiri limaoneka, limajambulika, limagumuka anthu n'kulemba m'nyuzipepala. Dambo limangokhala phee. Limameza ng'ombe imodzi pa zaka zingapo, mwakachetechete, ndipo palibe mtolankhani amabwera.

Ndidayesapo kulilemba ine. Ndidagula kope lachikuto cholimba, n'kulemba masamba 40 a nkhani ya mkamwini uja m'Chingerezi, ndikuganiza za mipikisano ya kunja. Idatuluka yakufa. Ndinkangokhalira kufotokoza, kuti mkamwini ndi ndani, chifukwa chiyani amakhala kwa mkazi, chifukwa chiyani apongozi sangamuyang'ane kumaso. Pofika pathope nkhani inali itasanduka phunziro la chikhalidwe. Nditayesa m'Chichewa zidayendako, koma padasowabe chinthu. Papepala palibe wovomera. Agogo ankati "padangokhala" n'kudikira, ndipo tikapanda kuyankha kuti "tili tonse" ankasiyira pomwepo, n'kunena kuti saimbira nthano zitsa. Nthano yawo inali ya anthu khumi, yanga inali ya munthu mmodzi ndi bolopeni. Kopelo lili m'sutikesi pansi pa bedi, njenjete zikuwerenga.

Chaka chatha mu August ndidapita kumudzi. Dambo lilipo, koma mungalidutse osalizindikira. Kuyambira m'mphepete mpaka pakati ndi madimba okhaokha, tomato, anyezi, chimanga chachiwisi, mipanda ya udzu, zitsime zokumba pamanja. Kumtunda kuli mauvuni a njerwa, ndipo mkuyu wa nantchengwa udathera momwemo. Sindikudandaula ngati munthu wa m'tauni wofuna kuti abale ake azikhala ndi njala kuti iye azipeza pojambula zithunzi. Minda ya kumtunda yatopa, fetereza wakwera, anthu achuluka, ndipo ndalama ya tomato wa m'dambo ndi yomwe ikulipira fizi ya ana a mlongo wanga. Ndikadakhala kumudzi, nanenso bwenzi nditakumba.

Ndidapempha mphwanga wamkulu kuti andiperekeze paja padamira mkamwini. Adandiyang'ana modabwa.

"Mkamwini wa ndani, amalume?"

Ndidamulongosolera malowo, kumunsi kwa chulu chachiwiri, pomwe bango limayambira. Adaseka. "Aa, pamenepo ndiye padimba panga. Pali chinyontho chabwino, sipauma mpaka November." Tidapita. Thope lija adalikumbira ngalande, madzi akutsika mwaulemu kulowa m'mabedi a tomato. Ndidaponda ndi nsapato yanga ya m'tauni, nthaka idangonyowa pang'ono. Ndidamusimbira nthanoyo tili chiimire pomwepo, mwachidule, yopanda nyimbo, chifukwa masana saimba nthano ndiponso mawu ena a nyimboyo andithawa. Adamvetsera mwaulemu. Nditamaliza adati, "Ndiye milambayo idapita kuti?" N'kuwerama kuzula udzu pabedi.

Usiku wake tidakhala pakhonde pa mlongo wanga, yemwe uja ankalira ndi ndime yomaliza. Tsopano ndi agogo naye, kamdzukulu kake ka zaka zisanu kali pamiyendo. Kunkazizira, nkhungu itayamba kale kusonkhana kumunsi. Mphwanga uja adali atatsikira kudimba kukalondera, pakuti tomato akayamba kupsa akuba sagona. Patapita nthawi, pakati pa dambo padaoneka kuwala kochepa, kotuwirako. Kunkayenda pang'ono n'kuima, kuzima, n'kuyakanso patsogolo. Ine ndi mlongo wanga tonse tinkadziwa kuti ndi tochi ya pafoni, mnyamata akuyendera mabedi ake.

Kamwana kaja kadadzuka, n'kutukula kadzanja. "Agogo, taonani! N'chiyani icho?"

Ndidatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndi amalume ake. Mlongo wanga adandiponda phazi. Adagwira kadzanja kaja n'kukatsitsa pang'onopang'ono, n'kukafunditsa chitenje.

"Usaloze," adanong'ona. "Khala pansi ndikuuze. Padangokhala..."

Kamwanako kadangoti maso tong'o, sikadziwa choyankha. Ndidayankha ndine.